Njoka ikayesa bowo kamodzi

Usiku wa pa 4 kuchera pa 5 August 2013, m'tauni ya Campbellton ku Canada, ana awiri a mimba imodzi, wina wa zaka 4 wina wa zaka 6, adapita kukagona kwa mnzawo. Bambo wa mnzawoyo anali ndi sitolo yogulitsa zokwawa, ndipo banja linkakhala m'nyumba ya pamwamba pa sitoloyo. M'nyumba momwemo ankasungamo nsato ya kuno ku Africa, yotalika pafupifupi mamita 4, m'khola lagalasi lofika kudenga. Anthu ali m'tulo, nsato idalowa m'paipi yotulutsira mpweya, nkukwera m'siling'i, nkugwera pabalaza pamene anawo adayala. Kutacha adawapeza atafa, atabanika. Mu November 2016 khoti lidapeza mwini njokayo wosalakwa pa mlandu wosasamala, koma izi sizidadzutse ana a eni.

Mng'ono wanga, usathamangire kunena kuti munthuyo anali mbuli. Njoka adakhala nazo zaka zambiri, ankazidziwa kuposa iwe ndi ine. Chimene chidamveka m'khoti ndi chakuti nsatoyo inali itayesapo kale kulowa m'paipi imeneyo, nkukakamira panjira. Mwini wake adaziona. M'malo moopa, mtima udakhala pansi: yakanika, ndiye kuti siingakwane. Chivundikiro cha paipi chidali chitagwa, ndipo sadachikhomenso zolimba. Paipiyo kukamwa kwake kunali pafupifupi masentimita 9, njokayo inali yonenepa kuposa pamenepo, ndiye poyeza ndi maso nkhani inali yatha. Koma nthiti za njoka sizilumikizana pachifuwa monga zathu, motero thupi lake limaphwatalala ndi kudzifinya pomwe iwe ukuti sipangadutse kanthu. Tsiku limene idakakamira lija, njoka idaphunzira pamene pali njira. Munthu ndiye sadaphunzire kanthu.

Mwina ukuti zimenezo nza azungu. Nanga nsato idapha anawo njochokera kuti? Ndi yofanana ndi mtundu umene umakhala m'ziswe zakale ndi m'madambo kwa Mfumu Mlolo kuno, umene umameza nkhuku ndi ana a mbuzi. Ndipo foni yomwe ili m'manja mwakoyo tsiku ndi tsiku ikukuonetsa anyamata a ku Johannesburg atakoleka njoka m'khosi pa TikTok. Mawa ukapeza kamwana ka nsato polambula kudimba, kongotalika ngati mkono wako, kodi sudzaganiza zokaponya m'bokosi kuti nawe ujambule? Kanthu kameneko kakamadya bwino, m'zaka zochepa kafika mamita atatu, ndipo nsato imatha kukhala ndi moyo zaka zopitirira 20. Wakonzeka kuisunga mpaka ana ako adzakwatire?

Zoti anthu m'mudzi adzakunena kuti wakhwima, izo ndikusiyira wekha. Ine ndifuna tione m'bokosimo, pansi pake, chifukwa ambiri amalakwira pamenepo. Njoka ilibe miyendo yoti nkuimirira kuchoka pa chimene wayala. Mimba yake yonse imagona pomwepo usana ndi usiku, mphuno zake zili pomwepo, chakudya imamezera pomwepo.

Chinthu choyamba chimene udzaganize ndi utuchi, poti ndi umene timayalira anapiye ndipo kwa kalipentala ngwaulere. Wafunsa kuti utuchiwo ngwa mtengo wanji? Paini ndi mkungudza zili ndi mafuta aja onunkhira bwino kwa ife, koma kwa njoka yotsekeredwa m'bokosi amapweteka khungu ndi njira ya mpweya. Utuchi wosalala uli ndi fumbi lolowa m'mphuno, ndipo wa kwa kalipentala umasakanikira ndi wa matabwa opaka mankhwala a chiswe. Mchenga wa kumtsinje umamatirira pa khoswe amene waiponyera, njoka nkumeza zonse, ndipo ukachuluka m'matumbo umatseka. Dothi la kudimba lapita feteleza ndi mankhwala ophera mbozi. Makoko a mtedza ndi mankhusu a chimanga, chinyezi cha dzinja chikangowakhudza achita chuku, komanso amaitana makoswe a m'nkhokwe, ndipo kumene kwapita makoswe njoka zina zimatsata, zaululu zimene sudaziitane. Amene amasunga njoka mwaukadaulo, akalandira yatsopano amangoyala nyuzipepala wamba. Siyokongola pojambula, koma chimbudzi chachilendo kapena tizilombo zimaonekera msanga pa pepala, ndipo ikada umangoichotsa nkuyala ina.

Njoka siilira, n'chifukwa chake mwini wake amachedwa kudziwa kuti zinthu zavuta. Itembenuze uone kumimba. Mamba akayamba kufiira, kuchita matuza kapena mawanga akuda m'mbali, ndiye kuti yagonera ponyowa ndi pauve nthawi yaitali, khungu layamba kuola. Ikamafundula zidutswazidutswa, khungu lakale nkutsalira m'maso ndi kunsonga kwa mchira, m'kholamo mwauma kwambiri. Ikamapuma yasama, kumveka kakhweru, malovu akutuluka m'kamwa, chifuwa chagwira. Ikamangokhala m'mbale ya madzi osafuna kutuluka, yang'ana m'madzimo: timadontho takuda ngati mbewu za fodya ndi nthata zimene zikuiyamwa magazi, ndipo zimabisala m'zoyala zomwezo.

Koma chizindikiro chimene ndikufuna chikusowetse tulo ndi ichi. Njoka ikamazungulirazungulira khola usiku wonse, kukankha chivundikiro ndi mphuno mpaka kunyuka, kuimirira m'makona, imeneyo ikufuna potulukira. Mwina pansi panyowa, mwina mwatentha, mwina ilibe pobisala, mwina ndi njala kapena nyengo yofuna inzake. Chifukwa chake chikhale chilichonse, iyo ili ndi usiku wonse woyesa pomwe iwe uli mkonono. Mwala umene wasanjika pa lata ungaletse nsato imene mphamvu yake yonse ili m'kukankha ndi kufinya? Ndipo ndani amagona pamphasa pansi m'nyumba imeneyo? Ana a ku Campbellton aja masana a tsiku lomwelo adakasewera ndi ziweto kufamu, ndipo akatswiri ena adaganiza kuti fungo la nyamazo ndi limene lidakopa njoka. Kwathu kuno ndi mwana uti amene amagona asadagwire nkhuku kapena mbuzi?

Zoyala zakudazo nazonso zili ndi pake. M'chimbudzi cha njoka, ngakhale yooneka yathanzi, mumakhala Salmonella, kachilombo kotsegula m'mimba koopsa kwa ana osakwana zaka 5. Ukakhuthula utuchiwo kuseri kwa khitchini kumene nkhuku zimapalasa ndi ana kukwawa, kapena ukatsukira mbale ya njoka m'beseni la ziwiya, matenda walowetsa m'nyumba ndi manja ako.

Boma nalo lili ndi mawu. Pansi pa lamulo la dziko la Zambia la nyama zakutchire la 2015, nyama ya m'tchire siisanduka yako chifukwa choti waitola m'munda mwako; kuisunga kumafuna chilolezo cha a Department of National Parks and Wildlife. Ngati mtima wako uli pa njoka ndithu, ukadzapita ku Lusaka ukafike ku Kalimba Reptile Park, ukaone makola ake ndi kufunsa owasamalira kuti amayala chiyani, amatseka bwanji.

Ndipo usadagwire kanthu kamawangamawanga kamene kadzipinda m'zinyalala za kudimba, ukunena kuti ndi mwana wa nsato, uli nacho chitsimikizo? Mphiri nayo ndi yamawanga, siithawa munthu akayandikira, ndipo ingakhale yaing'ono ululu wake umatupitsa ndi kuoletsa dzanja. Ikakuluma usamange chingwe, usateme mphini, usayamwe bala. Vula mphete ndi wotchi dzanja lisadatupe, ndipo wina akunyamule msanga kupita kuchipatala.