Musanagule poloti mu Lusaka

Ana anga, lendi ikakukanikani musamangodzudzula alandilodi. Tayendani mu Zambezi Road ku Roma. Kuseri kwa mpanda wautali kuli nyumba imodzi, kapinga, mitengo ya mapeyala ndi kanyumba ka wantchito. Mukapitirira pang'ono mwalowa mu Ng'ombe, komwe malo aakulu chimodzimodzi amasunga mabanja ambirimbiri m'midadada, onse chimbudzi chimodzi, madzi otunga m'zigubu. Mayi amene amakolopa ku Roma m'mawa amakagona ku Ng'ombe.

Pali anthu amene anakonza kuti zikhale chonchi. Stanley Adshead anajambula mzindawu mu 1931, ndipo unakhala likulu mu 1935. Mayadi otakasuka anali a azungu. Munthu wakuda ankamuyesa mlendo wodzagwira ntchito n'kubwerera kumudzi, n'chifukwa chake ku Kabwata anamangako tinyumba tozungulira taudzu ta amuna okhaokha, ndipo tina tikadalipo ku Kabwata Cultural Village. Ufulu unabwera mu 1964, koma maganizo akuti poloti yaikulu, nyumba imodzi, anatsalira m'mapulani. Lero anthu apitirira 2 miliyoni, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 alionse amakhala m'makomboni.

Malo a kufupi ndi tauni, omwe ali kale ndi tara, mapaipi ndi magetsi, akamaloledwa nyumba zochepa, ofuna nyumba amapikisana ndipo wandalama ndiye amapambana. Kuwonjezera apo, nyumba zina za ku Kabulonga ndi ku Woodlands zikusanduka maofesi ndi malo odyera. Mphunzitsi wongoyamba kumene ntchito amathawira ku Ten Miles kapena ku Chongwe, ndalama imene wapulumutsa pa lendi n'kuthera m'minibasi.

Mukatopa ndi lendi, m'pamene amakupezani makada ndi odzitcha matcheyamani. Poloti yotchipa, kalata yolemba pamanja, ndi mawu akuti mangani msanga, denga likakwera palibe angakuchotseni. Limeneli ndi bodza. Ndinaona mayi wina atakhala pamulu wa mabuloko osweka, katapila itangodutsa, chitseko chatsopano chili pambali pake, misozi osatuluka. Lamulo la malo la 1995 limaika malo onse m'manja mwa Pulezidenti, ndipo title deed imakupatsani zaka zosaposa 99. Musanagule, pitani ku Unduna wa za Malo mukaone dzina lenileni la mwini wa polotiyo. Ku khonsolo, ku Civic Centre, kafunseni ngati pamalopo sanakonze msewu, sukulu kapena ngalande. M'komboni yovomerezeka funsani occupancy licence ya zaka 30, imene inabwera ndi lamulo la 1974. Safunsa anadya phula.

Musandimve ngati ndikunyoza malamulo onse. Pansi pa mbali yaikulu ya Lusaka pali thanthwe laming'alu, ndipo zotuluka m'zimbudzi zimakafika m'zitsime. Kolera ya mu 2017 ndi ya mu 2024, pamene odwala anagonekedwa ku Heroes Stadium, inatiphera abale. Lamulo loyang'anira madzi ndi zimbudzi lilemekezeni. Lofunika kusinthidwa ndi lija losungira kapinga malo pamene anthu akupanikizana.

Inu amene mudzalandire yadi ya makolo ku Roma kapena ku Chelstone, katengeni chilolezo, gawani malowo, mangani maflati. Mnansi wanu akafuna kuchita zomwezo musamulembere kalata yotsutsa chabe chifukwa mukufuna bata.

Ndipo inu okhala m'nyumba za lendi, lamulo la mapulani a mizinda la 2015 limafuna kuti khonsolo imve maganizo a anthu isanavomereze pulani yake. Eni mayadi amadziwa kudzilankhulira. Mukamva za msonkhano m'wadi mwanu pitani, mukapemphe mapoloti aang'ono ovomerezeka, nyumba zosanja kufupi ndi misewu ya mabasi, ndiponso kuti mapaipi azifika anthu asanayambe kumanga.