Kukhala Pamodzi m'Cigono ca Sukulu

Pofika mwezi wa January, makolo ambiri a m'dziko la Mfumu Shikabeta, m'boma la Rufunsa, amamangira ana ao ufa, nyemba ndi bulangete, nawaperekeza kunjira. Midzi ya kumeneko iri patalipatali, ndipo mwana wofuna maphunziro apamwamba sakhoza kupita m'mawa ndi kubwera madzulo. Ena agona m'nyumba za sukulu. Ena abwereka kanyumba pafupi, nadziphikira okha. Kuyambira caka ca 2022, pamene boma la Zambia linacotsa malipiro a maphunziro m'sukulu zace, ana acuruka ndithu, ndipo ogona m'cipinda cimodzi apanikizana.

Tsono mwana wanu adzagona ndi anthu amene sanawasankha. Wina alankhula Cisoli, wina Cinyanja, wina Cibemba. Wina atenga sopo wosapempha. Wina asokosa pamene anzace afuna kuwerenga. Wina athawa kutunga madzi ndi kusesa, koma nsima ikapsa ndiye woyamba kusamba m'manja. Izi zioneka zazing'ono, koma mwana wosadziwa kupirira akhoza kumenyana nacotsedwa sukulu, kapena kuthawira kumudzi, ndipo mbuzi imene atate wace anagulitsa ipita cabe.

Makolo athu anali nayo mphala ndi gowelo, m'mene anyamata ndi atsikana anaphunzira kugawana mphasa ndi moto. Koma m'mphala munali abale a mudzi umodzi, ndi akuru anali pafupi. Kusukulu mwana ali pakati pa alendo. Nanga Mau a Mulungu amphunzitsa ciani?

1. Mnzako wobvuta anaitanidwanso. Mwa ophunzira khumi ndi awiri a Ambuye Yesu munali Mateyu, amene anasonkhetsa msonkho wa Aroma, ndi Simoni wochedwa Zelote, dzina la anthu acangu pa mtundu wao. Munalinso Petro wofulumira kulankhula, ndi Yakobo ndi Yohane ofuna mipando ya ulemu. Ngakhale pa mgonero wotsiriza anatsutsana za ukuru (Luka 22). Koma Ambuye sanawamangira nyumba yense yace. Anatenga madzi, nawasambitsa mapazi. Mwana wa Cikristu ayambe ndiye kusesa, asanawerenge masiku amene mnzace sanasesa.

2. Panganani kusanade. Abusa a Abramu ndi a Loti anakangana cifukwa dziko linawacepera (Genesis 13). Abramu, ngakhale anali wamkuru, ndiye anayamba kulankhula, nalola Loti asankhe. Cotero inunso, sabata loyamba lomwe khalani pansi, nimugawane nchito: wotunga madzi, wofuna nkhuni, wotsuka miphika, ndi nthawi yozima nyali. Munenenso poyera cimene cingabwerekedwe ndi cimene ciyenera kupemphedwa. Ndeu zambiri za m'cigono zibadwa pa zinthu zimene anthu sanapangane.

3. Mlandu uyende ndi njira yace. Pa Mateyu 18 Ambuye anaika makwerero atatu. Poyamba lankhula ndi wokulakwirayo muli awiri. Akakana, tenga mnzako mmodzi kapena awiri. Akakanabe, pita nao mlandu kwa Mpingo. Ndipo kusukulu njira yomweyo ikufikitsa kwa mphunzitsi woyang'anira cigono. Ambiri a ife titembenuza makwerero awa: tiuza cigono conse, ndipo mwini mlandu amva potsiriza. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

4. Usamuyese wotayika. Paulo anakana kutenga Marko pa ulendo waciwiri, cifukwa anawasiya pa Pamfuliya, ndipo anapatukana ndi Barnaba pa cifukwa ici (Macitidwe 15). Koma patapita zaka, ali m'ndende, Paulo yemweyo anaitanitsa Marko monga munthu womthandiza. Kapena uja akutapira ufa usiku wacoka ku nyumba ya njala. Kapena uja wolusa ali ndi amai odwala. Funsa usanaweruze, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma cenjerani. Kupirira sikutanthauza kubisa coipa. Ngati wamkuru amenya ang'ono ndi kuwalanda cakudya, ngati wina alowetsa mowa kapena camba, ngati amuna agogoda usiku pa khomo la atsikana, uzani aphunzitsi ndi makolo tsiku lomwelo. Wonena zotere sali kazitape, apulumutsa mnzace.

Ndipo inu makolo ndi akuru a Mpingo, musangofunsa za mayeso okha. Mwana akabwera pa chuti mfunseni agona ndi yani, adya bwanji, ndipo iye mwini awabvuta bwanji anzace. Pakuti m'cigono ciri conse muli munthu wobvuta, ndipo nthawi zina ndiye mwana wathu.

Mafunso a m'kalasi
(a) Cifukwa ninji Abramu ndiye anayamba kulankhula, osati Loti?
(b) Chulani makwerero atatu a pa Mateyu 18.
(c) Ndi zoipa ziti zimene sitiyenera kuzibisa?
(d) Kodi ndi khalidwe lanu liti limene lilemetsa ogona nanu?