Madzi Otopetsa Chitsulo

Anzanga, m'phunziro lino ndifuna tione mmene madzi amafooketsera chitsulo m'nyumba zopangira magetsi a nyukiliya.

Tonse tidziwa kuti waya ukaupindapinda umathyoka. Akatswiri amati chitsulo chatopa. M'nyumbazi mapaipi ambiri ndi a chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo mumayenda madzi ochotsa kutentha m'ng'anjo ya nyukiliya. Madziwo amafika madigiri pafupifupi 300. Akatentha paipi imafutukuka, akazizira imabwerera. Kumeneku ndiko kupindapinda kuja.

Chitsulochi chili ndi kachikopa kopyapyala kochiteteza. Pa nsonga ya mng'alu kachikopako kamang'ambika, madzi nkudya chitsulo chimene chatsala poyera, mng'alu nkumakula. Chimene chimandidabwitsa nchakuti chitsulo chikamakokeka pang'onopang'ono mpamene chimaonongeka kwambiri, popeza madzi amapeza nthawi yochidya.

M'zaka za m'ma 1960 akatswiri ankayesa kutopa kwa zitsulo mu mpweya. Pambuyo pake ofufuza a ku Japan ndi a ku Argonne ku America anapeza kuti m'madzi otere chitsulo chitha kutopa msanga, mwina kakhumi. Mu 2007 bungwe la NRC ku America linatulutsa malangizo akuti omanga ng'anjo zatsopano aziwerengera mphamvu ya madziwo.

Ngozi yake ndi yeniyeni. Mu 1998 ku Civaux, m'dziko la France, paipi inang'aluka masentimita 18 pamalo pamene madzi otentha ankasakanikirana ndi ozizira, ndipo madzi anayamba kutayika.

Tsono polemba za kulimba kwa chitsulo, ndikupemphani muzifunsa kaye kuti: anachiyesa mu mpweya kapena m'madzi?