Galu Si Dzala

Boma la Kasungu lili m'chigawo chapakati cha dziko la Malawi. Tauni ya Kasungu ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. Dziko la kumeneko ndi lathyathyathya, ndipo dothi lake lamchenga limayanjana ndi fodya, mtedza ndi chimanga. Alimi ambiri amakagulitsa fodya wawo ku msika wa Chinkhoma, m'boma lomwelo.

Pa makomo ambiri a alimiwa pamakhala galu kapena mphaka. Galu amalonda pakhomo ndi ku zigafa za fodya usiku wonse, ndipo mphaka amagwira makoswe amene amawononga chimanga m'nkhokwe. Koma ziweto zimenezi kawirikawiri zimalandira malipiro oipa. Anthu ena amayesa kuti m'mimba mwa galu ndi dzala, lotayamo chilichonse chimene munthu wachikana. Maganizo otere ndi olakwika. Galu amadwala m'mimba monga momwe munthu adwalira. Agalu ena, makamaka aang'ono ndi okalamba, ali ndi m'mimba mosachedwa kupota, kotero kuti chakudya chikalakwika pang'ono amasanza kapena kutsekula.

Zipangizo za kukhitchini

Chakudya cha anthu ndi cha ziweto chimachokera kumodzi, ndiko kukhitchini. M'midzi yambiri moto umasonkhedwa pa mafuwa atatu. Amayi ena amaphikira pa chitetezo mbaula, mbaula yadothi imene simaliza nkhuni zambiri. Ku Kasungu nkhuni n'zofunika kuzisamala, pakuti mitengo yambiri idadulidwa pomanga zigafa ndi powotcha fodya m'mabalani.

Chipangizo chilichonse chili ndi ntchito yake. Chimanga amakonola mumtondo ndi munsi, ndipo amapeta ndi lichero kuti gaga achoke, mphale itsale yokha. Sefa ndi yosefera ufa ndi nsinjiro. Ndiwo zimaphikidwa mumphika wadothi kapena m'poto, ndipo nsima ya banja lalikulu imaphikidwa m'nkhali kapena m'sefuliya. Mthiko ndi wovundulira nsima, chipande ndi choomolera. Madzi akumwa amasungidwa mumtsuko wovindikira ndipo amatungidwa ndi chikho. Ziwiya zikatsukidwa zimayanikidwa pa thandala, pamwamba pamene galu sangafikire.

Galu naye ayenera kukhala ndi mbale ziwiri zakezake, ina ya chakudya, ina ya madzi. Asaloledwe kunyambita m'poto kapena m'mbale za anthu, chifukwa kukamwa kwake kumatha kukhala mazira a njoka za m'mimba. Mbale zake zizitsukidwa tsiku ndi tsiku, pakuti chakudya chogonera m'mbale chimasasa. Chitini chimene mudali mankhwala a ku nazale ya fodya kapena a anankafumbwe chisasanduke mbale ya galu. Ngakhale chitatsukidwa kangapo, mankhwala amatsalirabe.

Kuphika

Mayi akafuna kuphika nsima amatereka madzi pamoto. Madziwo akafunda amathiramo ufa pang'ono ndi kutakasa, ndipo amavindikira kuti phala libwate. Phala likapsa amathira ufa wina ndi kuvundula mpaka nsima italimba. Atatero amaomola mitanda ndi chipande chonyowetsa m'madzi.

Nsima ndi phala sizivuta galu. Chimene chimamuvuta ndi msuzi wa ndiwo, chifukwa muli mchere, anyezi, tsabola ndi mafuta. N'chifukwa chake mayi wosamala amatapako phala la galu lisanalimbe, ndipo amapatulanso kanyama kapena kansomba kowiritsa asanathire zokometsera. Ntchito imeneyi siwonjezera nkhuni, ndiponso sitenga nthawi.

Zakudya zimene zimapweteka galu

Anyezi ndi adyo amawononga magazi a galu ndi a mphaka, kaya ali aawisi kaya ophika. Tsabola amawotcha m'mimba, ndipo mafuta ambiri amachititsa kusanza. Mafupa ophika a nkhuku amasweka kukhala tizidutswa tosongoka timene timatha kubaya pakhosi kapena kuboola matumbo. Mkaka wa ng'ombe umatsekula m'mimba agalu ndi amphaka ambiri amene adakula kale. Chokoleti, chimene ana amachikonda, ndi poizoni kwa galu.

Fodya naye ndi woopsa. M'masamba ake muli poizoni wotchedwa nikotini. Kagalu kamene katafuna masamba akugwa pansi pa chigafa kamachucha dovu, kamasanza ndi kunjenjemera, ndipo nthawi zina kamafa. Ana agalu asamasewere kumene anthu akusoka kapena kusankha fodya.

Mdani wobisala mu mtedza

Tsiku lina m'nyengo yokolola, agogo ena a m'mudzi wa kufupi ndi mtsinje wa Bua adali kusankha mtedza palichero. Wabwino adali kuuthira m'dengu, koma wakuda, wofota ndi wa nguwi adali kuuika m'phale. Mdzukulu wawo adafika, natenga phalelo kupita nalo ku mtondo.

"Ukupita nawo kuti mtedzawo, mdzukulu wanga?" adafunsa agogowo.

"Ndikukasinja, agogo. Ndikufuna kutendera phala la kagalu kanga. Mtedza wonsewu ungotayika chabe?"

"Bwera nawo kuno. Iweyo ungadye umenewo?"

"Iyayi, agogo, ukuwawa. Koma uyu ndi galu. Ndiponso ndiuphika kwambiri."

"Chimene chikuwawa kwa iwe n'chimene chingaphe kagaluko. Moto suchotsa chuku. Tenga khasu, ukaukwirire kuseri kwa khola, ndipo dzenjelo likhale lakuya kuti nkhuku zisafukule."

Agogowo adanena zoona. Chimanga ndi mtedza zikasungidwa zisanaume bwino zimachita nguwi. Nguwi zina zimatulutsa poizoni amene alimi amamutcha chuku, ndipo akatswiri amamutcha aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi cha munthu ndi cha chiweto, ndipo satha ngakhale chakudya chiwiritsidwe kapena kukazingidwa.

Akatswiri adamuzindikira poizoniyu nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England m'chaka cha 1960. Nkhukundembozo zidadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. M'chaka cha 2004 anthu 125 adamwalira ku Kenya atadya chimanga cha chuku. Ndipo m'mwezi wa Ogasiti 2024, boma la Zambia, dziko limene lachita malire ndi Kasungu chakumadzulo, lidalengeza kuti agalu pafupifupi 400 adafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chotere. Imfa ya agaluwo idachenjeza anthu kuti ufa wina umene udali pamsika udali woipa.

Banja lingapewe chuku poumitsa bwino mbewu zisanalowe m'nkhokwe kapena m'matumba, posanjika matumba pa mitengo kuti asakhudze pansi, ndiponso posanyowetsa mtedza pofuna kuuswa. Mbewu zowola zisaperekedwe kwa galu, nkhuku kapena nkhumba.

Chakudya cha galu wodwala m'mimba

Galu wamkulu akasanza, apumitsidwe kudya kwa maola angapo, koma madzi oyera asamanidwe. Kagalu kakang'ono kasakhale nthawi yaitali kosadya, pakuti kamafooka msanga. Chakudya choyamba chikhale chofewa ndi chopanda zokometsera. Phala la ufa wabwino kapena mpunga wophika mpaka kufewa ndiwo maziko ake. Pa magawo awiri a phala pakhale gawo limodzi la nyama yowiritsa yopanda mafuta ndi mafupa, kapena dzira lowiritsa. Usipa ndi matemba n'zabwinonso zikatsukidwa, kuwiritsidwa ndi kusinjidwa kuti minga isamubaye. Dzungu kapena mbatata yowiritsa pang'ono imathandiza kulimbitsa chimbudzi.

Chakudyacho chizizire chisanaperekedwe. Galuyo azidya pang'onopang'ono, katatu kapena kanayi pa tsiku, m'malo modya mbale yodzaza nthawi imodzi. Akayamba kupeza bwino, chakudya chake cha masiku onse chizisakanizidwa ndi phalalo pang'ono lero, chochulukirapo mawa, kwa masiku angapo. Kusintha chakudya mwadzidzidzi kumabwezeretsa matenda.

Mphaka ndi wosiyana ndi galu. Thupi lake lidapangidwa kuti lizidya nyama, ndipo sangakhale ndi moyo wabwino pa nsima yokha. Mphaka wodwala apatsidwe nsomba kapena nyama yowiritsa, ndipo akakana kudya tsiku lathunthu afunika thandizo. Mankhwala a anthu asaperekedwe kwa ziweto. Mbulu umodzi wa panado ungathe kupha mphaka.

Nthawi yofuna thandizo

Phala silichiza matenda onse. Ngati galu akutsekula magazi, akusanza kosalekeza, maso ndi nkhama zake zasanduka zachikasu, kapena wadya fodya kapena mankhwala a makoswe, mwini wake athamangire kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Ngati kutsekula kwapitirira masiku awiri, apitenso. Alangiziwo ndi amene amadziwa mankhwala a njoka za m'mimba ndi katemera woyenera.

Pali chinthu china chimene mwana aliyense ayenera kukumbukira. Galu amene akuchucha dovu, akulephera kumeza ndipo wasintha khalidwe angakhale ndi chiwewe. Mwana asapise dzanja m'kamwa mwake poganiza kuti mwakola fupa. Athawe, akauze akulu. Munthu akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala msanga. Chiwewe chikayamba kuoneka mwa munthu sichichizika, koma katemera wa agalu amachiletsa. Tsiku la 28 Sepitembala chaka chilichonse mayiko amakumbutsana za matendawa.

Akuluakulu adati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Chimodzimodzi chakudya choipa chimene galu wadya chimavutitsa banja lonse. Ndalama zimathera ku mankhwala, ndipo pakhomo pamasowa mlonda. Galu amene wagona panja kulonda fodya ayenera kulandira chakudya choyera, m'mbale yoyera, chochokera mu ufa womwewo umene banja ladya.

Matanthauzo a mawu

dzala: malo otayako zinyalala ndi phulusa
chigafa: chisakasa choumitsiramo fodya
mafuwa: miyala yoterekapo poto kapena mphika
kuomola: kuchotsa nsima m'poto ndi chipande
thandala: poyanika ziwiya zikatsukidwa
phale: chibenthu cha mphika wosweka
nguwi: zinthu zonga ufa kapena thonje zomera pa chakudya chowola
nkhama: mnofu wogwira mano m'kamwa

Mafunso

1. Tchulani mbewu zitatu zimene zimalimidwa kwambiri ku Kasungu.
2. Kodi galu ndi mphaka amagwira ntchito zanji pakhomo?
3. Chifukwa chiyani galu ayenera kukhala ndi mbale zakezake?
4. Kodi mayi wosamala amapatula liti chakudya cha galu? Perekani chifukwa.
5. Tchulani zakudya zinayi zimene zimapweteka galu.
6. Kodi mdzukulu uja adalakwitsa chiyani poganiza zophika mtedza wa m'phale?
7. Chidachitika n'chiyani ku Zambia m'chaka cha 2024?
8. Fotokozani mmene mungakonzere chakudya cha galu wotsekula m'mimba.
9. Kodi munthu wolumidwa ndi galu achite chiyani?
10. Fotokozani tanthauzo la mutu wa nkhaniyi.

Galamala

(a) Chulukitsani mayina awa, ndipo mupange chiganizo ndi dzina lililonse: mthiko, lichero, chipande, mtondo, phale, fupa, dzira.

(b) Lembani ziganizo izi m'makope mwanu, ndipo mutseke mzere kunsi kwa aneni:
1. Agogo akusankha mtedza palichero.
2. Mphaka wagwira khoswe m'nkhokwe.
3. Amayi adaomola nsima ndi chipande.
4. Kagalu kamatafuna masamba a fodya.

(c) Malizani ziganizo izi ndi mawu oyenera:
1. Chimanga amakonola mu ______ ndi ______.
2. Madzi akumwa amasungidwa mu ______.
3. Poizoni wa mu mtedza wowola amatchedwa ______.

Zochita

1. Jambulani zipangizo zisanu za kukhitchini kwanu, ndipo mulembe dzina ndi ntchito ya chilichonse.
2. Funsani makolo anu mmene amaumitsira ndi kusungira mtedza ndi chimanga. Mukafotokozere anzanu m'kalasi.
3. Funsani akulu a m'mudzi mwanu miyambi iwiri yotchula galu, ndipo mulembe matanthauzo ake.
4. Lembani chimangirizo cha ndime ziwiri pa mutu wakuti: Mmene ndimasamalira chiweto cha kwathu.