Kopaletivi ya Magetsi a Kumudzi Imalimba ndi Mamembala Ake

MAU OYAMBA

Magetsi ndi chida cha ulimi monga momwe liliri khasu kapena ngolo. Amayendetsa chigayo, amapopa madzi othirira mbeu m'chilimwe, amaziziritsa mkaka kuti usasase usadafike ku msika, ndiponso amafunditsa anapiye m'khola. Vuto ndi lakuti kufikitsa magetsi kumudzi kumalira ndalama zambiri. Nyumba zimakhala zotalikirana, kotero waya wautali ndi mapolo ambiri zimatumikira mabanja owerengeka. Kampani yofuna phindu ikawerengera zimenezi imangokhala m'tauni.

M'maiko ena alimi adathana ndi vutoli pokhazikitsa makopaletivi a magetsi. Phunziro lino likufotokoza mbiri ya kopaletivi imodzi yotere, ya Pedernales, m'chigawo cha Texas ku America. Mbiriyi ili ndi mfundo imene alangizi ndi atsogoleri a magulu a achikumbi ayenera kuisunga bwino. Kopaletivi imakhala ndi moyo pamene mamembala akuchita zinthu monga eni ake. Iwo akasanduka ogula chabe, kopaletivi imayamba kudwala, ngakhale magetsi aziyakabe usiku ulionse.

1. MIDZI YA KU AMERICA ISADALANDIRE MAGETSI

M'chaka cha 1935, pa mafamu 10 alionse a ku America, famu imodzi yokha ndiyo idali ndi magetsi, pamene m'mizinda nyumba 9 pa 10 zilizonse zidali nawo. Dera la mapiri la Hill Country ku Texas, kumene kumadutsa mtsinje wa Pedernales, lidali limodzi mwa madera otsalira kwambiri. Amai ankatunga madzi pachitsime ndi ndowa, ankachapa ndi manja, ankaphika ndi nkhuni, ndipo ankasita ndi simbi zotenthetsa pamoto. Ana ankawerenga ndi nyali za palafini.

Pa 11 May 1935 Pulezidenti Franklin D. Roosevelt adakhazikitsa nthambi ya boma yotchedwa Rural Electrification Administration, mwachidule REA. M'chaka cha 1936 nyumba ya malamulo idavomereza lamulo lopatsa nthambiyi mphamvu zobwereketsa ndalama zokokera magetsi kumidzi. Makampani akuluakulu sadachite nazo chidwi ngongolezo. Amene adabwera kudzazitenga adali alimi eni ake, atadzisonkhanitsa m'magulu. Tsono boma silidagawe magetsi aulere. Lidabwereketsa ndalama zoti zibwezedwe ndi chiongoladzanja chochepa, ndipo udindo wobweza udali pamapewa a mamembala.

2. MMENE ALIMI ADAYAMBIRA NTCHITOYI

Pofuna kulowa m'kopaletivi, banja lililonse linkapereka madola 5. Zaka za m'ma 1930 zidali za mavuto aakulu a zachuma, ndipo kwa mlimi wa ku Hill Country ndalama imeneyi sidali yapafupi. Ena ankaopa kuti gulu likadzalephera kubweza ngongole adzalandidwa minda yao. Enanso ankaopa magetsi enieniwo, popeza adali asadawagwiritsepo ntchito. Motero padafunika anthu odzipereka oyenda khomo ndi khomo kufotokozera anzao, ndi kubwererako kawiri kapena katatu mpaka mwini nyumba atamvetsa.

Padalinso chopinga china. REA inkafuna kuti pa mtunda wa mailosi imodzi ya waya pazikhala mabanja atatu olandira magetsi, koma ku Hill Country anthu adali otalikirana kuposa pamenepo. Phungu wa deralo, Lyndon B. Johnson, amene adadzakhala pulezidenti mu 1963, adakadandaula kwa Roosevelt ndipo lamulolo lidafewetsedwa. Pa 27 September 1938, mabanja pafupifupi 3,300 atalembetsa, kopaletivi ya Pedernales idalandira ngongole ya madola 1,332,000 yomangira mailosi pafupifupi 1,800 a waya, omwe ndi makilomita ngati 2,900. Magetsi adayamba kuyaka mu 1939.

Phungu adathandiza, koma pakadapanda maina 3,300 aja sakadakhala ndi chonena ku likulu. M'makopaletivi ambiri a nthawi imeneyo mamembala ankapereka malo odutsa waya m'minda mwao popanda chipukutamisozi. Ankawerenga okha mamita ao ndi kutumiza manambala ku ofesi mwezi ndi mwezi. Ankasankha alimi anzao kuti ayang'anire bungwe. Ntchito yotereyi idatsitsa mtengo wa magetsi, ndipo pofika mu 1953 mafamu 9 pa 10 alionse a ku America adali atalandira magetsi. Akuluakulu adanena kuti mutu umodzi susenza denga.

3. KAYENDETSEDWE KA KOPALETIVI YA MAGETSI

Kopaletivi ya magetsi imasiyana ndi kampani m'njira zinai.

(a) Umwini. Aliyense wolandira magetsi ndi membala, ndipo mamembala onse pamodzi ndiwo eni ake a mapolo, mawaya ndi galimoto za bungwe.

(b) Voti. Membala mmodzi ali ndi voti imodzi. Mwini famu yaikulu ya mkaka ndi mai wamasiye woyatsa mababu awiri ali ndi mphamvu zofanana pa chisankho.

(c) Utsogoleri. Mamembala amasankha bodi, ndiyo komiti yaikulu, pa msonkhano wa pachaka. Bodi imalemba ntchito manijala, imavomereza ndondomeko ya ndalama, ndipo imafotokozera mamembala mmene chaka chayendera.

(d) Ndalama zotsala. Bungwe likalipira zonse zofunika, ndalama zotsala zimalembedwa m'dzina la membala aliyense molingana ndi magetsi amene adagula. Bungwe limayamba lazigwiritsa ntchito pokonza ndi kuonjezera mawaya, kenaka patapita zaka limazibweza kwa eni ake.

Njira zimenezi zidachokera kwa anthu a ku Rochdale ku England, amene adatsegula sitolo yao ya mgwirizano mu 1844. M'chaka cha 1995, pa msonkhano wa ku Manchester, bungwe la International Co-operative Alliance lidalemba mfundo 7 za makopaletivi: kulowa mwaufulu, ulamuliro wa mamembala, kusonkha ndi kugawana chuma, kudziimira paokha, maphunziro, kuthandizana kwa makopaletivi, ndi kusamala za dera.

Kusamala za dera kumaonekera m'zochita. Makopaletivi a ku America adalonjeza kufikitsa magetsi kwa aliyense wokhala m'dera lao, ndi wa kumapeto kwa mseu yemwe, ngakhale waya wopita kwa iye sungabweze msanga ndalama zake. Apafupi amathandiza kusenza mtolo wa akutali. Chimodzimodzinso mphepo yamkuntho ikagwetsa mapolo m'dera lina, makopaletivi ena amatumiza antchito ao kukathandiza kudzutsa.

4. PAMENE MAMEMBALA ADATAYIRIRA

Zaka zidapita ndipo kopaletivi ya Pedernales idakula. Mzinda wa Austin udafutukukira m'dera lake, ndipo pofika mu 2007 mamembala adali oposa 200,000. Ambiri mwa iwo sadaone mdima wa kale, ndipo ankangodziwa bilu ya pamwezi. Magetsi ankayaka bwino, kotero ochepa okha ndiwo ankafunsa za kayendetsedwe ka bungwe. Pakadafunda padajiwitsa.

Malamulo a chisankho nawo adathandiza kuti mamembala akhale kutali. Komiti yosankha maina a opikisana inkaikidwa ndi bodi yomweyo. Membala wosapita ku msonkhano ankatha kusaina chikalata chopereka voti yake kwa ena kuti akamuponyere, ndipo mavoti oterewa ankathera kwa atsogoleri omwe adali kale pa mipando. Chotsatira chake chidali chakuti anthu amodzimodzi adakhala m'maudindo kwa nthawi yaitali, ndipo manijala mmodzi adayendetsa bungwe zaka zoposa 30. Malipiro a akuluakulu sankadziwika kwa membala wamba. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

M'chaka cha 2007 mamembala ena adakasuma ku khoti. Dandaulo lao lidali lakuti akuluakulu ankadzipatsa malipiro opyola muyeso pamene ndalama zotsala sizinkabwezedwa kwa eni ake. Mlanduwo udaulula zambiri zimene zidali zobisika. Mu 2008 mbali ziwirizi zidagwirizana kuti madola 23 miliyoni abwezedwe kwa mamembala, ndipo manijala uja adatula pansi udindo. Mu 2010 khoti lidamupeza wolakwa pa milandu yokhudza ndalama za bungwe.

Vuto lotere si la ku Pedernales kokha. Kafukufuku amene bungwe la Institute for Local Self-Reliance lidatulutsa mu 2016 adapeza kuti m'makopaletivi a magetsi oposa 70 pa 100 alionse ku America, mamembala oponya voti sankakwana mmodzi pa 10 alionse. Pamene eni ake savota, wina aliyense wogwira makiyi a ofesi amasanduka mwini.

5. PAMENE MAMEMBALA ADADZUKA

Kopaletivi ya Pedernales sidathe, ndipo sidagulitsidwe kwa kampani. Mamembala omwewo ndiwo adaikonza. Kuyambira mu 2008 chisankho chidatsegulidwa kuti membala wopeza anzake okwanira omuvomereza athe kupikisana nao, ndipo anthu atsopano adalowa mu bodi. Mu 2010 mamembala adavomereza kuti m'malamulo a bungwe mulembedwe ufulu wao wa chisankho chachilungamo, wa kupezeka pa misonkhano ya bodi, ndi wa kuona mabuku a bungwe.

Kampani ikalakwira ogula, iwo amangodandaula. Kopaletivi ikasokera, mamembala ali ndi mphamvu yosintha atsogoleri ndi malamulo omwe. Mphamvu imeneyi idalipo ku Pedernales nthawi yonseyi, koma idakhala zaka zambiri osagwiritsidwa ntchito, ndipo kuchedwako kudaonongetsa ndalama ndi mbiri ya bungwe.

Masiku ano ku America kuli makopaletivi a magetsi pafupifupi 900, otumikira anthu ngati 42 miliyoni m'zigawo 48. Njirayi idafikanso ku Africa: mu 1993 anthu a m'tauni ya Urambo ku Tanzania adakhazikitsa kopaletivi yao yoyendetsa magetsi a jenereta.

6. ZIMENE ACHIKUMBI ANGAPHUNZIREPO

Gulu limene likuganiza zoyendetsa magetsi a dzuwa kapena a madzi m'mudzi lingapindule ndi mbiriyi. Chimodzimodzinso kalabu ya alimi, bungwe la alimi a ng'ombe za mkaka ndi sikimu ya ulimi wothirira, popeza matenda a magulu amafanana.

(a) Membala aliyense ayenera kusonkha kanthu polowa, ngakhale kochepa. Munthu amasamala chimene adachikhetsera thukuta.

(b) Msonkhano wa pachaka uyenera kuchitika pa nthawi yake, pa malo ofikika, ndi pa nyengo imene ntchito ya kumunda yachepa. Uthenga wa msonkhano upite msanga kwa onse, ndipo amai ndi achinyamata apatsidwe mpata wolankhula.

(c) Membala aziponya yekha voti yake. Ngati malamulo alola kutuma wina, munthu mmodzi asanyamule mavoti ambiri, ndipo atsogoleri asaloledwe kunyamula voti ya wina aliyense.

(d) Atsogoleri okhala pa mipando asamasankhe okha maina a opikisana nao. Malamulo anene zaka zimene munthu angakhale pa udindo.

(e) Msungichuma aziwerenga poyera ndalama zolowa ndi zotuluka, kuphatikizapo malipiro ndi maalawansi a atsogoleri. Mabuku aziunikidwa chaka ndi chaka ndi munthu wodziwa za ndalama amene sali m'komiti.

(f) Mtengo wa magetsi ukwanire kulipira ngongole, antchito ndi zokonzera makina. Mtengo wotsikitsitsa umakondweretsa mamembala chaka choyamba, koma makina akaonongeka gulu limasowa pogwira.

(g) Mamembala atsopano aziphunzitsidwa mbiri ndi malamulo a gulu. Amene adapeza zinthu zitakhala kale bwino ndiwo amaiwala msanga kuti ndi eni ake.

Mlangizi ali ndi udindo wothandiza gulu kulemba malamulo oterewa lisadayambe kugwira ndalama zambiri. Kukonza malamulo gulu likadali laling'ono n'kosavuta kusiyana ndi kukakonzera ku khoti.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Kodi ndi mamembala angati amene adafika pa msonkhano wa pachaka wapitawu, ndipo amene sadafike adalephera chifukwa chiyani?

2. Kodi ndani amasankha maina a opikisana pa chisankho cha gulu?

3. Kodi membala wamba angathe kuona mabuku a ndalama atawapempha?

4. Kodi gulu limachita chiyani pofuna kuti mlimi wakutali ndi wosauka naye apindule?

MAU OMALIZA

Alimi a ku Hill Country adapeza magetsi mu 1939 chifukwa adalembetsa maina, adasonkha madola 5 ndipo adalolera kusenza ngongole pamodzi. Adzukulu ao adatsala pang'ono kutaya ulamuliro wa chuma chomwecho chifukwa adasiyira ena ntchito ya kufunsa ndi kuvota. Motero gulu lililonse la achikumbi liyenera kuwerenga zinthu ziwiri pakutha pa chaka: ndalama zimene zili m'thumba, ndi mamembala amene adafika ku msonkhano. Chiwerengero chachiwirichi chikayamba kutsika, komiti ndi alangizi ayenera kuchitapo kanthu msanga, ngakhale ndalama zikadali bwino.