Kusaka chikalata cha chipangizo: pa Google kapena kwa eni ake?

Wokonza mawailesi akatsegula bokosi n'kupeza kachipangizo kakuda kamiyendo 8 kolembedwa NE555P, safuna nkhani zambiri. Akufuna datasheet, chikalata cha opanga chonena kuti mwendo woyamba ndi wa ground, wachisanu ndi chitatu ndiwo umalandira magetsi, ndiponso mavoti amene kangapirire kasanapse. Chikalatacho chilipo ndipo n'chaulere. Ntchito ili pa kupeza chenichenicho bandulo isanathe.

Makomo alipo awiri. Lina ndi Google, Bing kapena DuckDuckGo, zomwe zimasaka intaneti yonse. Lina ndi kabokosi kosakira ka pa tsamba la kampani yopanga chinthucho. Ine ndimalowera pa Google kuti ndidziwe kumene chikalata chimakhala, koma chokhulupirira ndimakachitenga kwa eni ake.

Yambani ndi nambala. Pukutani fumbi, walitsani tochi ya foni cham'mbali kuti zilembo zionekere bwino, ndipo chenjerani ndi 0 ndi O, 8 ndi B. Zilembo zakumapeto musazitaye: kwa kampani ya Texas Instruments, NE555P ndi kamiyendo yolowa m'mabowo, pomwe NE555D ndi kakang'ono komata pamwamba pa bolodi. Ngati ndi printa, jenereta kapena inverter, nambala ya model ili pa kapepala komatidwa kumbuyo kapena kunsi. Dzina lalikulu lokongoletsa kutsogolo lija silikufikitsani patali.

Mukapita pa Google lembani mawu ochepa: nambalayo ndi mawu akuti datasheet, kapena service manual ngati ndi makina athunthu. Nambala ikakhala m'kati mwa mitengero, chonchi "NE555P", Google imasiya kukuganizirani zina zofanana nayo. Onjezani filetype:pdf kuti zituluke zikalata zokhazokha.

Apa m'pamene ambiri amakodwa. Pamwamba pamakonda kubwera masamba amene ntchito yawo n'kutolera zikalata za makampani ena, odzaza ndi malonda ndi mabatani a Download atatuatatu, lenileni losadziwika. Sikuti onse ngachinyengo, ndipo pa chipangizo chimene kampani yake inatha kalekale amapulumutsa. Koma sakuuzani ngati chimene akupatsanicho chinakonzedwanso. Komanso NE555 inatuluka mu 1972 kuchokera ku Signetics, ndipo kuyambira pamenepo makampani ambiri akhala akuipanga, iliyonse ndi chikalata chake. Yang'anani chizindikiro cha kampani pa kachipangizoko musanatsegule chilichonse.

Mukamudziwa mwini wake, muuzeni Google asake m'nyumba imodzi yokha, mwachitsanzo ya Texas Instruments: site:ti.com NE555 datasheet. Pasakhale mpata pambuyo pa timadontho tiwirito, apo ayi sizigwira. Njira imeneyi nthawi zambiri imaposa kabokosi ka kampani, chifukwa Google imakhululuka mukaphonya chilembo ndipo imadziwa kusanja zofunika pamwamba.

Nanga kabokosi ka kampani n'kachiyani? Google imaona zokhazo zimene makina ake oyendayenda anafikapo. Chikalata chimene chimatuluka pokhapokha mutasankha model pa mndandanda, kapena mutalowa ndi akaunti, kapena chimene eni ake anatsekera makinawo, sichioneka kumeneko ngakhale mulembe bwanji. Ndiye pitani pa tsamba la kampani, pezani mbali ya Support kapena Downloads, lembani nambala yokha. Kabokosi kameneka kamakhala kouma mutu: kachilembo kamodzi kowonjezera, kakuyankhani kuti palibe. Kakatero dulani mchira wa nambala, musiye NE555 basi. Phindu lake n'lakuti kamakufikitsani pa tsamba la chipangizocho, pomwe pali chikalata chatsopano, zolakwika zimene anazitulukira pambuyo pake, ndi chidziwitso ngati anasiya kuchipanga.

A makompyuta amalidziwa bwino vuto lotenga chikalata chakale. RFC 2616, chikalata chofotokoza HTTP/1.1, chinatuluka mu 1999 ndipo anthu akuchitchulabe paliponse, motero sichisowa pa Google. Koma mukachifufuza pa rfc-editor.org mupeza polembedwa poyera kuti chinalowedwa m'malo mu 2014 ndi RFC 7230 mpaka 7235. Nazonso zinaloweredwa m'malo mu 2022, pomwe panabwera RFC 9110 ndi zinzake.

Chikalata chikatseguka, onani deti limene anachikonza komaliza, nthawi zambiri lili pamwamba kapena pansi pa tsamba loyamba. Dinani Ctrl ndi F, lembani nambala yanu yonse, mutsimikize kuti ilimo. Ndipo musasokoneze matebulo awiri: pa NE555 ya Texas Instruments, la absolute maximum ratings likunena mavoti 18, amene ndi malire oti mukapyola kapsa, pomwe ogwirira ntchito tsiku ndi tsiku ndi 4.5 mpaka 16.

Linki ikakubwezerani 404, kutanthauza kuti tsambalo silikupezeka, ikopereni n'kukaiika pa web.archive.org. Wayback Machine, yomwe inatsegulidwa kwa anthu onse mu 2001, imasunga masamba akale, ndipo nthawi zina PDF yomweyo imapezeka. Mukaipeza isungeni m'foni, muitche nambala ya chipangizo ndi chaka chake, kuti ulendo wina mudzaitsegule ngakhale netiweki itathawa.