MABUKU A ZITHUNZI ZA NYAMA: MAWU KWA APHUNZITSI NDI MAKOLO

Mwana amadziwa Kalulu, Fisi ndi Kamba asanaone chilembo nchimodzi chomwe, pakuti amamva nthano zawo kwa agogo ake madzulo. Chifukwa chake buku la zithunzi za nyama limamukoka msanga kuti ayambe kuwerenga. Koma ambiri mwa mabuku otere analembedwa kunja nachita kumasuliridwa, tsono afunika kuwawerenga mosamala.

Lina lotchuka ndi The Tale of Peter Rabbit, lolembedwa ndi Beatrix Potter wa ku England, losindikizidwa ku London mu 1902. Lamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 30. Kakalulu aka kananyoza mawu a amake, kanalowa m'dimba la Bambo McGregor kukaba masamba, ndipo pothawa kanataya jekete ndi nsapato. Kanafika kwawo kakudwala, nkungomwa mankhwala ndi kugona, abale ake akudya buledi ndi mkaka. Taonani kusiyana kwake: Kalulu wathu amapulumuka ndi ukathyali naseka anzake, koma uyu avutika chifukwa cha kusamvera. Mphunzitsi akapanda kulongosola, ana adzayesa kuti wakubayo ndiye ngwazi.

Linanso ndi The Very Hungry Caterpillar, la Eric Carle wa ku America, la mu 1969. Mbozi ya m'bukuli idya chipatso chimodzi Lolemba, ziwiri Lachiwiri, zitatu Lachitatu, kufikira zisanu Lachisanu, ndipo potsiriza isanduka gulugufe. Apa chilankhulo chathu chipambana Chingerezi, pakuti kuyambira Lachiwiri kufikira Lachisanu dzina la tsiku likutchula lokha chiwerengero cha zipatso.

Powerenga ndi ana, chitani izi:

1. Yambani mwawerenga bukulo nokha, muone ngati mawu ake akumveka monga tiyankhulira kwathu.

2. Onetsani chithunzi musanawerenge, ana atchule okha nyamayo.

3. Nyama kapena chipatso chikakhala chachilendo, monga chimbalangondo, musanamize ana kuti ndi fisi. Auzeni dzina lake ndi dziko kumene chipezeka, kenaka muchifanizire ndi chimene achidziwa.

4. Mukatha, mwana mmodzi afotokoze nkhaniyo m'mawu akeake, wina asimbe nthano yakwathu yofanana nayo.

Makolo, musabise buku m'bokosi poopa kuti ling'ambika. Likuteni ndi pepala lolimba, ana asambe m'manja, aligwire okha. Mwana amene wakonda buku asanalowe Sitandade 1 savutika nalo m'kalasi. Akuluakulu anati mmera mpoyamba.